Tchuthi chino, asiyeni ana aumbe ng'ombe zadongo

Sukulu zikatsekera teremu yachitatu, makolo ambiri amati mtima pansi poona kuti nkhani ya yunifolomu ndi makope yayamba yaima kaye. Ana okulirapo sasowa chochita: ena amakathandiza mayi awo kugulitsa kumsika, ena amatengedwa kudimba, ena amapita kukacheza kwa agogo. Koma pali kagulu kena komwe kamaiwalika chaka ndi chaka, ndipo awa ndi ana a zaka zitatu kufikira zisanu omwe amapita kusukulu zamkombaphala. Zambiri mwa sukuluzi zimatsata kalendala ya sukulu za pulaimale, kotero alezi akatseka chitseko tianati timangokhala tikuzungulira pabwalo kudikira kuti Sepitembala afike.

Ife tikuti masabata amenewa si otaya. Mwana wa msinkhu uwu amaphunzira kwambiri ndi manja ake, pamene akuumba, kung'amba, kumanga, kutunga ndi kupaka. Zipangizo zochitira zonsezi sizilira ndalama, makamaka nyengo ya chilimwe pomwe anthu atha kukolola. Chomwe chimasowa m'makomo ambiri ndi munthu wamkulu woti akhale pansi ndi mwanayo kwa ola limodzi patsiku, kumuonetsa poyambira, kenaka nkumusiya kuti apitirize yekha.

Tiyeni titengere chitsanzo dera la mfumu yaikulu Mkhumba m'boma la Phalombe. Mwezi wa Ogasiti, munthu akayenda m'midzi ya m'chigwa chomwe chili kunsi kwa mapiri a Mulanje ndi Michesi, amaona mapesi ali mbwee m'minda, zitsononkho ndi makoko a chimanga zitaunjikidwa kuseri kwa nyumba, makoko a nandolo akuuluka ndi mphepo pamalo opunthira. Kumadambo kuli dongo ndi bango, m'malire mwa minda muli khonje, ndipo pakhomo pomwe pali nthochi makungwa ouma sasowa. M'misika ya m'bomali monga Migowi ndi Chiringa, tsiku lamsika likatha pamatsala makatoni, zitsekerero za mabotolo ndi tizigamba ta nsalu pansi pa makina a matelala. Kwa munthu wamkulu izi ndi zinyalala zofunika kutentha, pomwe kwa mwana wa zaka zinayi ndi ng'ombe, galimoto, chidole ndi nyumba zomwe zikungodikira kupangidwa.

Mwina wina nkufunsa kuti kodi kuumba ng'ombe yadongo kukugwirizana bwanji ndi sukulu. Yankho lake lili m'zala za mwanayo. Kuti atulutse nyanga ziwiri pamutu pa ng'ombe, mwana amatsina dongo ndi chala chachikulu pamodzi ndi chamkombaphala, ndipo zala zomwezo ndi zomwe zidzagwire pensulo. Akamatunga zitsekerero pachingwe, diso ndi dzanja zimazolowera kugwirira ntchito limodzi, zomwe zidzafunike podzatsata mzere m'kope. Minofu ing'onoing'ono ya m'manja simakhwima tsiku limodzi. Mwana yemwe sadaigwiritsepo ntchito amafumbata pensulo ngati mpini wa khasu, amatopa msanga, kenaka amayamba kudana ndi kulemba.

Masamu nawo amayambira pomwepo. Ng'ombe ili ndi miyendo inayi, ndipo mwana akaumba itatu yokha ng'ombeyo imagwa, iye nkudzionera yekha kuti pakusowa umodzi. Galimoto yamapesi siyenda bwino ngati mateyala ake sali ofanana kukula. Mwana akamasankha zitsekerero zofiira kuika apa, zobiriwira kuika apo, akuphunzira kusanja zinthu m'magulu. Akamagawa timapoto tadongo kuti aliyense pamasanje alandire kamodzi, wayamba kale masamu ogawa ngakhale sakudziwa dzina lake.

Chinanso ndi chilankhulo. Mwana amene akupanga chinthu amakhala ndi nkhani yoti akambe: ng'ombeyi ndi ya ndani, ikupita kuti, idya chiyani. Kholo likamufunsa mafunso otere ndi kumvetsera mayankho ake, mwanayo amatola mawu atsopano monga kufewa, kuuma, kutalika, kupyapyala, pamwamba ndi pansi. Pakhomo pomwe agogo akadalankhula Chilomwe, apa mpomwe mdzukulu angatolereko mayina a zinthu m'chiyankhulo cha makolo ake. Ndipo ng'ombe ikathyoka mwendo, mwana nkulira, kenaka nkuyambiranso, waphunzira kupirira, chinthu chomwe palibe mphunzitsi angachilembe pabolodi.

Izi nzofunika chifukwa cha zomwe zikumudikira mwanayo akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makalasi a Sitandade 1 m'sukulu zambiri za boma amakhala odzaza kotero kuti mphunzitsi mmodzi sangathe kugwira dzanja la mwana aliyense kumuonetsa kalembedwe ka chilembo. Mwana amene wafika ali wokonzeka amatsatira, pomwe amene sadakonzeke amatsalira mwakachetechete kumbuyo kwa kalasi. Ambiri mwa ana otere amabwereza kalasi, ndipo mwana wobwerezabwereza ndi amene amadzasiyira sukulu panjira. Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo poyambira pake ndi pakhonde pa nyumba yanu.

Si ife tokha amene tikunena izi. M'zaka za 1986 ndi 1987, akatswiri azaumoyo mumzinda wa Kingston m'dziko la Jamaica adasankha ana 129 opinimbira, a miyezi yapakati pa 9 ndi 24, ochokera m'mabanja osauka. Ena mwa anawa ankayenderedwa pakhomo ndi alangizi azaumoyo kamodzi pasabata kwa zaka ziwiri. Alangiziwo sankabweretsa ndalama, ankangoonetsa amayi momwe angasewerere ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zoseweretsa zopanga okha kuchokera ku zinthu zotayidwa. Patatha zaka pafupifupi 20, ofufuza adawalondola anawo ali akuluakulu, ndipo zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2014 zidaonetsa kuti omwe ankaseweretsedwa aja ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi pafupifupi K25 pa K100 iliyonse.

Nkhani ya ku Jamaica ikutikhudza kaamba koti vuto la kupinimbira kuno kwathu ndi lalikulu. Kafukufuku wa zaumoyo yemwe boma lidachita m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Palibe angatsutse kuti mwana wotere amafunika chakudya chakasinthasintha, ndipo chidole sichingalowe m'malo mwa phala. Komabe ubongo nawo uli ndi chakudya chake, chomwe ndi kusewera ndi kucheza, ndipo chakudya ichi ngakhale banja lomwe lagwidwa ndi njala lingathe kupereka.

Tikudziwa kuti makolo ena, makamaka m'matauni ang'onoang'ono, amaona ngati sukulu yamkombaphala yabwino ndi yomwe mwana amabwerako akulakatula zilembo ndi masiku a pasabata m'Chingerezi. Mwana akabwera ndi manja amatope, kholo limakalipa kuti ndalama zake zikupita pachabe. Kuloweza pamtima kuli ndi malo ake, koma mwana akhoza kuimba manambala mpaka 20 osadziwa kuti zitsononkho zitatu nzochuluka kuposa ziwiri. Dokotala wa ku Italy, Maria Montessori, adatsegula sukulu yake yoyamba ya ana aang'ono mu 1907 m'dera la anthu osauka mumzinda wa Rome, ndipo maziko a kaphunzitsidwe kake adali oti mwana agwire zinthu ndi manja ake. Lero dzina lake lili pazikwangwani za sukulu zodula m'maiko ambiri, komwe makolo amalipira ndalama zankhaninkhani kuti ana awo azitunga mikanda ndi kusewera ndi mchenga.

Kuno kwathu nzeru imeneyi si yachilendo. Aphunzitsi omwe adadutsa m'makoleji athu amaidziwa njira yotchedwa TALULAR, yomwe bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi lakhala likulimbikitsa, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwe sukulu ili. Ngati mphunzitsi wa Sitandade 2 amauza ana kuti abwere ndi timitengo ndi zitsekerero zowerengetsera, nchifukwa ninji kholo lichite manyazi kuti mwana wake akusewera ndi zomwezo pakhomo?

Makolo ena ali ndi dandaulo lomveka, loti nthawi palibe. Mayi amene walawirira kukaoda tomato, kapena bambo amene watandala pakabaza tsiku lonse, amafika pakhomo atatheratu. Palinso nkhani ya sopo, yemwe mtengo wake aliyense akuudziwa, pomwe mwana wosewera ndi dongo amadetsa zovala. Koma ntchitoyi siifuna tsiku lonse. Mayi angathe kumupatsa mwana makoko kuti aziluka uku iye akusenda chinangwa pambali pake. Kamalaya kamodzi kakale kangapatulidwe kukhala kosewerera. Ndipo m'mudzi momwe muli makomo asanu oyandikana, nkotheka kumasinthana: lero ana onse pakhonde la uyu, mawa pa la uyo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tikapanda kuwapezera chochita, ana amadzipezera okha. Aliyense amene amadutsa m'misika yathu nthawi ya tchuthi amaona tiana tating'ono titaberekedwa ndi azikulu awo kulowa m'nyumba zoonetsera mavidiyo, momwe mumaonetsedwa zomenyana ndi zina zosayenera maso a mwana. M'makomo momwe muli foni yamakono, chizolowezi chatsopano nchomupatsa mwana foniyo kuti asiye kulira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaikidwe pakanema kapena pafoni, ndipo wa zaka ziwiri kufikira zinayi asamapitirire ola limodzi patsiku. Mwana woonera kanema amangolandira zomwe ena adapanga, manja ake ali khale.

Nanga tiyambire pati? Kwa mwana wa zaka zitatu, musayembekezere chinthu chooneka bwino. Mpatseni chibuma cha dongo lofewa kuti akande, abulungize timipira ndi kufutukula tinjoka. Mpatseni khala kuti akhwatchekhwatche pakatoni, kapena kamtengo kuti ajambule pamchenga. Dothi lakatondo, phulusa ndi makala opera, mukazisungunula m'madzi pang'ono, zimapereka mitundu itatu ya utoto, ndipo nthenga ya nkhuku kapena kamtengo kosasantha kunsonga ndi burashi yokwanira. Mwana adinde chikhatho chake pakatoni, adinde masamba a mango, aone maonekedwe omwe akutuluka.

Wa zaka zinayi angathe kutunga zitsekerero zomwe wamkulu waboola kale ndi msomali, nkupanga maseche oimbira. Angathe kuveka chitsononkho kansalu nkukhala chidole, tsitsi lake nkukhala ndevu za chimanga. Angathe kung'amba mapepala akale ndi kuwamata pakatoni pogwiritsa ntchito kaphala kamadzimadzi ka ufa wa makaka, komwe kamagwira bwino ngati guluu wa m'sitolo. Wa zaka zisanu, yemwe Sitandade 1 ili pafupi, muonetseni kusenda phesi ndi kulumikiza timakungwa take ndi chapakati chofewa chija kuti apange magalasi amaso, njinga kapena galimoto. Muonetseni kuluka kamkeka ka makungwa a nthochi, kukulunga mpira wachikulunga, ndi kuumba chilembo choyamba cha dzina lake ndi dongo nkuchiyanika padzuwa.

Pochita zonsezi pali cholakwa chimodzi chomwe akuluakulu timakonda kuchita, chomwe ndi kumulanda mwana ntchito. Bambo amayamba ngati akuthandiza, mapeto ake galimoto yonse apanga ndi iwo, mwana akungoonerera. Galimotoyo imakongola ndithu, koma amene waphunzira ndi bambo. Ng'ombe ya mwana ikaoneka ngati galu, musaseke kapena kuikonza. Mufunseni kuti akuuzeni za ng'ombe yakeyo, muiike pawindo kuti alendo aione, ndipo mawa adzaumba ina yabwinoko.

Tiyeneranso kuchenjeza, pakuti si chotayidwa chilichonse chomwe chili choyenera mwana. Ino ndi nyengo yothira mankhwala chimanga chosunga, ndipo alimi a m'madimba akupopera mbewu zawo. Botolo kapena paketi yomwe mudali mankhwala isasanduke galimoto kapena kapu ya pamasanje, ngakhale mutaitsuka motani. Mbewu ya chimanga yogula, yomwe imakhala yopakidwa utoto, imakopa maso a ana koma utotowo ndi chizindikiro choti ili ndi mankhwala. Nthanga za nsatsi ndi poizoni, ndipo kalongonda wosaphika, monga anthu a ku Phalombe akudziwira bwino, si wosewera naye. Tinthu ting'onoting'ono monga nyemba, nandolo ndi mikanda ana aang'ono amatilowetsa m'mphuno ndi m'khutu kapena kutsamwa nato, choncho tisapatsidwe kwa mwana yemwe akadaika chilichonse mkamwa.

Mipeni, malezala, mawaya ndi misomali zikhale m'manja mwa wamkulu. Mabatire akutha asaswedwe kuti mutengemo utoto wakuda. Dongo akatape ndi wamkulu, chifukwa maenje omwe oumba njerwa amasiya amasunga madzi ndipo mwana amamira ngakhale m'madzi ochepa, kuonjezera apo madzi odikha a m'madambo amafalitsa likodzo. Ntchito ikatha, mwana asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya. Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udatiphunzitsa kuti nkhani yosamba m'manja si yochita nayo chibwana.

Tchuthichi chikhalenso nthawi yothetsa maganizo oti galimoto ndi za anyamata, timapoto ndi ta atsikana. Mtsikana amene walumikiza mateyala a galimoto yamapesi akuphunzira zomwe amakanika ndi mainjiniya amagwiritsa ntchito, ndipo mnyamata amene wabereka chidole akuphunzira kusamala mnzake. Ana olumala nawo asatsekeredwe m'nyumba anzawo akusewera. Mwana wosaona amalimva dongo m'manja mofanana ndi wina aliyense, ndipo wosamva amatsatira bwino lomwe pongoona zomwe manja a mnzake akuchita.

Kwa abambo, tikuti ntchitoyi si ya amayi okha. Ambiri a inu mudakula mukupanga galimoto zamawaya ndi kusema nguli, ndipo luso limenelo likadali m'manja mwanu. Theka la ola lomwe mungachotse pa nthawi ya bawo lingasinthe zambiri pa mwana wanu. Agogo nawo, omwe amadziwa kuumba miphika, kuluka malichero ndi kupota chingwe cha khonje, ndi aphunzitsi omwe mudzi uli nawo kale. Luso lawo likapanda kudutsira m'manja mwa adzukulu lidzapita nawo kumanda.

Phindu lina la ntchito ya pa tchuthiyi lingafike kusukulu yamkombaphala yeniyeniyo. Sukulu zambiri zam'midzi zimayendetsedwa ndi makomiti a makolo, alezi ake ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo zina zimakumana m'tchalitchi, m'chisakasa kapena pansi pa mtengo popanda choseweretsa nchimodzi chomwe. M'boma la Phalombe zinthu zidafika poipa mu Malichi 2023 pomwe namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba ndi kukokolola katundu, mabanja ochuluka nkukakhala m'misasa. Anthu a m'bomali, omwe akukumbukiranso napolo wa mu 1991, akudziwa tanthauzo la kuyambiranso ndi zomwe zatsala m'manja. Tangoganizani banja lililonse litapanga zoseweretsa ziwiri pa tchuthi, chimodzi cha pakhomo, china chopita nacho kusukulu tsiku lotsegulira. Mlezi yemwe ali ndi ana 40 angayambe teremu ndi dengu lodzaza popanda kudikira galimoto ya bungwe.

Apa mpomwe mafumu ndi makomiti achitukuko akubwera. Nyakwawa ikhoza kupatula tsiku limodzi pa tchuthi loti makolo, agogo ndi achinyamata omwe alemba mayeso asonkhane pasukulu yamkombaphala kupanga zoseweretsa pamodzi ndi ana. Eni magolosale asunge makatoni ndi zitsekerero m'malo mozitentha, matelala asunge tizigamba m'thumba, akalipentala asalaze tizidutswa ta matabwa kuti ana azimangira nyumba. Mipingo ndi mizikiti ilengeze za tsikuli monga momwe imalengezera misonkhano ina. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili silolemera ngati aliyense agwirapo.

Izi sizikutanthauza kuti boma lisambe m'manja. Dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko yoona za maphunziro a mmera mpoyamba mu 2003, nkuikonzanso mu 2017. Lidavomerezanso mu 1991 pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe gawo 31 lake likunena za ufulu wa mwana wopuma, kusewera ndi kutenga nawo mbali pa zaluso. Kuyambira mu 2024, maiko amakumbukira kufunika kwa kusewera pa 11 Juni chaka chilichonse. Koma mapangano ndi masiku okumbukira sizilera mwana. Tikupempha unduna woona za ana pamodzi ndi khonsolo ya Phalombe kuti alezi aphunzitsidwe mokwanira, kuphatikizapo kapangidwe ka zoseweretsa zotetezeka, ndipo thukuta lawo liziyamikiridwa ndi kangachepe kodalirika. Si chilungamo kusenzetsa maziko a maphunziro a dziko lonse pamutu pa amayi ongodzipereka.

Amalawi ambiri adamva za William Kamkwamba wa kwa Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe ali ndi zaka 14, atasiya sukulu kaamba kosowa fizi, adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga yakutha ndi mitengo ya bulugama. Nkhani yake idalembedwa m'buku mu 2009 ndipo mu 2019 idatuluka pakanema. Sitikunena kuti mwana aliyense woumba ng'ombe adzafika pamenepo. Tikungokumbutsa kuti mtima woona chinthu chotayidwa nkuganiza zomwe chingasanduke umayamba mwana ali wamng'ono, ndipo umafa msanga pakhomo pomwe mwana amangomva kuti "siya zimenezo, udetsa malaya".

Choncho makolo a kwa Mkhumba ndi kwina konse, musanatenthe mapesi ndi zitsononkho chaka chino, patulaniko mtolo umodzi. Katapeni dongo, yalani chiguduli pamthunzi, muitane ana anu ndi a oyandikana nawo. Sepitembala akadzafika, mlezi ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 adzadziwa okha kuti pakhomo panu tchuthi sichidapite pachabe.